Silinafe, Nanga Ndigulirenji Lina?

Pali funso limene anthu osewera magemu pakompyuta amafunsana chaka ndi chaka: kodi munthu azisintha graphics card pakapita nthawi yaitali bwanji? Wina amati zaka ziwiri. Wina amati zinayi. Wina amati m'badwo umodzi uziulola udutse, ugule wotsatirawo. Onse amayankha nkhope ili gwa, osaphethira, ngati zinalembedwa penapake pamene ine ndi inu sitinafikepo. Ine ndili ndi kafunso kamene ndimakameza ndikakhala pagulu, kuopa kusekedwa. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pano tili awiriwiri. Tandiuzani: pa khadi lakalelo, chimene chimakhala chitawonongeka n'chiyani?

Mwina nanunso palibe anakutsegulirani chibokosi cha kompyuta ya magemu kuti musuzumire. M'katimo muli chinthu chachitali, cholemera, chogona chopingasa, chokhala ndi mafani awiri kapena atatu. Kuseri kwa mafaniwo kuli timalata tambirimbiri tothithikana, totulutsa kutentha. M'mphepete mwake muli timano tagolide tolowa m'kamng'alu ka pa motherboard. Pakatikati, pobisika, pali ka chip kapyapyala kamene kamawerengera masamu onse. Ntchito ya khadili ndi imodzi basi: kujambula chithunzi, kuchiponya pa sikirini, kuchitaya, kujambula china, ka 60 kapena kuposa pa sekondi imodzi. Pa khadi lonselo chozungulira ndi mafani okha. Zina zonse zili duu, sizikhulana ndi kanthu. Nanga chinthu chosayenda chimaperepeseka pati? Chimayamba kutha mbali iti?

Odziwa akuti khadi likakalamba limayamba kuchedwa. Chabwino, tiyeni titenge limodzi tiliyese. Khadi la GTX 1060, la kampani ya Nvidia, linatuluka mu Julaye 2016 pa mtengo wa madola 249. Munthu amene analigula chaka chimenecho n'kumasewera Grand Theft Auto V, lero akayatsa gemu yomweyo, galimoto zija zikuthamanga liwiro lomwe lija, apolisi aja akumupirikitsa monga kale. Masamu amene khadilo linkawerengera pa sekondi mu 2016 ndi omwewo likuwerengera lero. Silinaiwale. Silinatope. Ndiye likuchedwa poyerekeza ndi chiyani? Ndi mmene linalili lokha, kapena ndi la mnyamata wa nyumba yachiwiri uyo?

Ndisanamize, kuchedwa kwenikweni kulipo, ndipo dzina lake ndi fumbi. Mukaunika ndi tochi pakati pa timalata tija, makamaka ikadutsa nyengo ya fumbi ya Okutobala, mupeza zinthu zotuwa, zofewa, zolukanalukana, zitatseka ponse podutsa mpweya. Khadi likatentha mopitirira limadzichepetsera liwiro lokha kuti lisapse. Palinso phala lotuwa lopakidwa pakati pa chip ndi chitsulo choziziritsa, amati thermal paste, limene pakapita zaka limauma n'kung'aluka. Mankhwala ake ndi kaburashi kofewa, chopemerera mpweya, ndi kachubu ka phala latsopano ka madola ochepa chabe. Komatu mwa onse aja oyankha kuti zaka ziwiri, zaka zinayi, ndi angati amayamba afunsa kaye kuti, "Kodi mwapukuta?" Bwanji kaburashi sikaitaniridwa atolankhani ku Las Vegas monga khadi latsopano? Kalibe wokalankhulira?

Zaka ziwirizi ndinazionanso pena. Makadi a Nvidia a m'gulu la 10 anatuluka mu 2016. A m'gulu la 20, mu 2018. A 30, mu 2020. A 40, mu 2022. A 50 anachedwerako pang'ono, anafika mu Januwale 2025. Nayo AMD, imene imapikisana ndi Nvidia, imayenda chapafupi pomwepo ndi makadi ake a Radeon. Koma ndiye mwayi wake! Maso a osewera magemu padziko lonse amayamba kuona kuti zithunzi zikuchedwa pa nyengo yeniyeniyo imene fakitale yamaliza kulongedza katundu watsopano m'makatoni. Zimangochitika zokha? Makadi a 50 atachedwa ndi miyezi ingapo, kodi maso athunso anadikira? Kalendala imeneyi ndi ya maso anga kapena ya wogulitsa?

Akuti ayi, pali lamulo. Gordon Moore, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Intel, analemba mu 1965 kuti chiwerengero cha timaswichi ting'onoting'ono tokwana pa chip chimodzi chizingowirikiza kawiri, ndipo pambuyo pake anati izi zizichitika zaka ziwiri zilizonse. Ndamva. Ndiye kuti kale ukadikira zaka ziwiri, ndalama yomweyo inkakugulira mphamvu zochuluka kwambiri, ndipo kusintha khadi kunali ndi nzeru yake. Koma mu Sepitembala 2022, atolankhani atafunsa chimene makadi atsopano akwerera mtengo chonchi, mkulu wa Nvidia, a Jensen Huang, anayankha kuti lamulo la Moore linafa. Mwini katundu ndiye analengeza malirowo. Apa mutu wanga unaima. Tikafunsa za mtengo, lamulo linafa. Tikafunsa za nthawi yogula, zaka ziwiri zija zili moyo, zikuyenda ndi miyendo yake. Kodi lamulo limafa mbali imodzi?

Mitengoyo ndiitchule, mwina inu muona chimene chikundiphonya. Khadi limene osewera ankaligwadira mu 2017, GTX 1080 Ti, linali madola 699. Mu 2018 RTX 2080 Ti inayambira pa 999. Mu 2020 RTX 3090 inali 1,499. Mu 2022 RTX 4090 inali 1,599. Mu 2025 RTX 5090 inafika 1,999, ndipo umenewo ndi mtengo wolengezedwa, osati umene ambiri ankaupeza m'sitolo. A Huang ali ndi mawu amene amakonda kubwereza pa misonkhano, atavala jekete yawo yachikopa ija: akuti ukagula zambiri m'pamene umapulumutsa ndalama zambiri. Anthu m'holo amaseka. Ine ndikawerengera papepala sizituluka. Kwa ife olandira makwacha ndiye nkhani ina: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, khadi n'kukwera mtengo lili phee m'katoni, kutsidya la nyanja. Malangizo a zaka ziwiri aja analembedwa poganizira thumba la ndani? Wowalembayo amagula yekha makadi ake, kapena amachita kumutumizira kuti awayese?

Ku pulayimale tinaphunzira kuti nambala yaikulu ndi yaikulu. Tsono tamvani izi. Khadi lililonse lili ndi memory yake, malo amene limasungamo makoma, misewu, mitengo ndi nkhope za anthu a mu gemu pamene likujambula. Malowo akadzaza, gemu imayamba kudodomadodoma, makoma n'kuoneka mbuu, zolembedwa pa zikwangwani osawerengeka. RTX 3060 ya mu 2021 inali ndi 12 GB. RTX 4060 ya mu 2023, yolowa m'malo mwake, inabwera ndi 8 GB. RTX 5060 ya mu 2025, 8 GB yomweyo. Tikabwerera m'mbuyo, RX 580 ya AMD inali kale ndi 8 GB mu 2017, pa madola 229. Pamenepa akatswiri oyesa makadi akutiuza kuti magemu akuluakulu a masiku ano akufuna yoposa 8 GB. Ndimvere uti? Ngati 8 GB ndi yochepa, akuigulitsiranji m'khadi latsopano? Ngati ndi yokwanira, lakale lija lalakwa chiyani? Kapena khadi limachoka ku fakitale litanyamuliratu tsiku lake lopumira pa ntchito?

Mayina nawo ali ndi zake. Mu 2022 Nvidia inalengeza makadi awiri, onse dzina lawo RTX 4080, lina la 16 GB, lina la 12 GB. Anthu atasuzumira bwino anapeza kuti kusiyana sikunali pa memory pokha. M'kati mwa lachiwirilo munali chip china, chochepa mphamvu. Phokoso litakula, mu Okutobala kampaniyo inalibweza lisanafike n'komwe m'sitolo. Mu Januwale 2023 khadi lomwelo linatulukira litasintha dzina, tsopano RTX 4070 Ti, mtengo utatsika kuchoka pa madola 899 kufika pa 799. Chip chomwecho, memory yomweyo, madola 100 n'kuzimiririka chifukwa cha zilembo za pakatoni. Ndiye munthu wondiuza kuti ndichoke pa 70 ndikwere pa 80, akundiuza kuti ndigule chitsulo kapena nambala? Likanakhalabe 4080, bwenzi likuthamanga kuposa pamenepa?

Tsopano za zithunzi pa sekondi, zimene anyamata amati ma FPS. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo anthu amalira nayo misozi yeniyeni. Magemu ambiri a pa PlayStation akhala akuyenda pa 30 kapena 60. Pakompyuta akuti 60 m'poyambira, 144 m'pabwino, 240 ndiye pa madolo. Sindikutsutsa. Amene anasewerapo pa 144 amati dzanja ndi diso zimamvana bwino, makamaka m'magemu owomberana a mpikisano, ndipo ndikuwakhulupirira. Koma sikirini wamba imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, zivute zitani. Tiyerekeze khadi langa likupereka 70. Ndagula latsopano, likupereka 200. Sikirini ikuonetsabe 60. Zina 140 zija zikupita kuti? Akuziona ndani? Magetsi ake ndalipira ine, nanga zithunzi zake zili kwa yani?

Akuti gula sikirini yatsopano. Chabwino. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho 2,073,600. Ya 4K ili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi ndendende. Khadi lija linkanyadira 200 tsopano lapatsidwa ntchito yowirikiza kanayi, ndipo layamba kuwefuka. Akuti gula khadi lolingana ndi sikiriniyo. Ndagula sikirini chifukwa cha khadi, ndikukagula khadi chifukwa cha sikirini. Anayamba ndani pa awiriwa? Nanga adzamaliza ndani?

Mu gemu iliyonse muli tsamba la settings, ndipo kawirikawiri pamakhala masitepe anayi: Low, Medium, High, Ultra. Kutsika pa Ultra kupita pa High ndi ulere, kungodina kamodzi, ndipo nthawi zambiri zithunzi zimayamba kuyenda myaa. Koma zikuoneka kuti kutero n'kudzichotsa ulemu. Ndinaonera vidiyo pa YouTube ya munthu wina wofuna kutionetsa kusiyana kwa ziwirizi. Anaimitsa gemu. Anagawa sikirini pakati. Anakulitsa chithunzi mpaka timadontho kuyamba kuoneka. Kenako anajambula mzere wofiira kuzungulira mthunzi wa udzu m'munsi mwa mpanda, n'kunena kuti taonani, mbali iyi mthunzi uli ndi m'mphepete mofewa. Ndinaonadi, atandilozera. Koma ine ndikamasewera ndimakhala ndili liwiro la mtondo wadooka, zipolopolo zili vuu kumbuyo. Ndiima nthawi yanji kuti ndiyamikire mthunzi wa udzu? Kusiyana kofunika mzere wofiira kuti kuoneke, mtengo wake uyenera kukhala madola angati?

Kampani ya Valve, mwini wa Steam, sitolo yaikulu ya magemu a pakompyuta, imachita kafukufuku mwezi uliwonse wa zipangizo zimene osewera ake ali nazo, n'kuika zotsatira poyera. Munthu angayembekezere kupezamo makadi a madola chikwi ali mbwee. Ayi ndithu. GTX 1060 ija inakhala pa nambala wani zaka pafupifupi zisanu, mpaka chakumapeto kwa 2022. Ndipo imene inaichotsa pampando inali GTX 1650, khadi lotsika mtengo, lofooka kuposa 1060 yomweyo. Mu 2024 oposa theka la osewerawo anali akadali pa sikirini ya 1080p. Magemu amene amadzaza anthu tsiku ndi tsiku ndi monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2, imene inatuluka mu 2013, ndipo safuna khadi lodabwitsa. Ndiye anthu osintha zaka ziwiri zilizonse aja ali kuti? Ndi ambiri, kapena amangolankhula mokweza? Mamiliyoni enawa palibe wawauza kuti akuvutika?

PlayStation 4 inatuluka mu Novembala 2013. PlayStation 5 inatuluka mu Novembala 2020. Zaka 7, chipangizo chimodzi, chosasintha khadi. Pakati apo panabwera ya Pro, koma magemu ankayendabe pa yoyamba ija. Magemu akuluakulu ambiri amapangidwa kuti ayende pa zipangizo zimenezi, chifukwa kumeneko kuli ogula ochuluka. M'tizipinda ta magemu ta m'matauni mwathu ana akumenyabe mpira pa PlayStation 4, chigoli chikalowa phokoso kumveka kumsewu, wodandaula za mthunzi palibe. Ngati gemu ikutheka pa chipangizo cha zaka zambiri chotero, bwanji pakompyuta ifune khadi la chaka chatha? Kompyuta ndi yofooka kuposa PlayStation, kapena mwini kompyuta ndiye wosavuta kumunyengerera?

Tinene kuti ndagonja, ndasonkha ndalama, khadi latsopano lafika. Akuti dikira kaye, purosesa yako ndi yakale. Paja purosesa ndi imene imakonza zoti zichitike mu gemu, khadi n'kuzijambula. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, yamphamvu singakoke ngolo kuposa mmene yofookayo ikuyendera. Ndisinthe purosesa. Purosesa yatsopano sikulowa pa motherboard yakale. Motherboard yatsopano ikukana RAM yakale. Kenako power supply. GTX 1060 inkadya mawati 120, RTX 3080 imadya 320, RTX 4090 imadya 450, RTX 5090 imadya 575, ndipo eni ake amalangiza power supply ya mawati 1,000. Kusewera maola anayi pa mawati 575 ndi mayunitsi 2.3 pa mita, khadi lokha, osawerengera sikirini. 1060 pa maola omwewo sifika ngakhale theka la yuniti. Pomaliza khadilo ndi lalitali, chibokosi chikukana kutsekeka. Ndinanyamuka kukagula chinthu chimodzi. Chatsala cha kompyuta yanga yakale n'chiyani, mausi ndi kiyibodi? Ndasintha khadi, kapena khadi landisinthira kompyuta?

Ndipo pa 4090 ndi 5090, pafupifupi mawati onsewo amadutsa pa kapulagi kamodzi ka timabowo 16. RTX 4090 itangotuluka mu Okutobala 2022, anthu ena anayamba kuonetsa zithunzi za kapulagiko katasungunuka, pulasitiki ili bii, yokhwinyata. Kampani inafufuza n'kunena kuti chimene chinkachitika kawirikawiri n'chakuti pulagiyo sinkakanikizidwa mpaka kumapeto. Pasanapite nthawi yaitali kapangidwe ka pulagiyo kanasinthidwa. Ngati vuto linali chala cha wogula, anakonzeranji pulagi m'malo mokonza chala? Ndipo uja anadikira chaka asanagule anaphonya chiyani, kupatula fungo la pulasitiki yopsa?

Pali nthawi ina imene malangizo onsewa anangoti zii. Kuyambira chakumapeto kwa 2020 mpaka mu 2022 makadi anasowa padziko lonse. Mliri wa Covid-19 unasokoneza mafakitale ndi mayendedwe a katundu, anthu otsekeredwa m'nyumba ankafuna magemu, ndipo okumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum ankagula makadi ambirimbiri n'kuwandandalika pa mashelefu kuti aziwerengera masamu usana ndi usiku. RTX 3080 ya madola 699 inkagulitsidwa pa mtengo wowirikiza kawiri kapena kuposa. Mukukumbukira chimene akatswiri ankatiuza nthawi imeneyo? Ankati sungani khadi lanu lakale, likadali bwinobwino, ingotsitsaniko settings pang'ono. Makadi a 2016 anachira onse nthawi imodzi! Pa 15 Sepitembala 2022 Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makadi, katundu anali atabwerera m'masitolo, ndipo makadi akale aja anadwalanso. Matenda anji obwera katundu akakhalapo n'kuchoka katundu akasowa?

Makadi osiyidwawo si onse amapita kudzala. Amagulitsidwa pa eBay ndi pa Facebook, ena amakwera ndege m'masutikesi a abale ochokera ku Johannesburg kapena ku London. Khadi limene mwini wake ku London analitcha nkhalamba, likafika ku Lilongwe kapena ku Lusaka limalandiridwa ndi manja awiri, anzake a wogulayo atazungulira tebulo, ndipo gemu ikayaka aliyense amati eee, koma ichi ndiye chilombo. Ndi khadi lomwelo. Linatsitsimukira pati, m'ndege? Kapena ukalamba wa khadi umatengera dziko limene lagona?

Chimene chandizunguza kuposa zonse ndi ichi. Mu Januwale 2025, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, a Huang analengeza kuti RTX 5070 ya madola 549 izithamanga ngati RTX 4090 ya madola 1,599. Tonse tinati tapulumuka. Kenako tinamva mmene zimathekera. Khadilo limajambula chithunzi chimodzi chenicheni, ndipo AI imapeka zithunzi zina zitatu zoika pakati kuti kuyenda kuoneke kosalala. Pa zithunzi zinayi, chimodzi n'chojambulidwa, zitatu n'zongoganizira. Ukadina batani, gemu imakumva pa chenichenicho chokha. Oyesa makadi atazimitsa zopekazo anapeza kuti 5070 yatsalira kutali ndi 4090. Ndiye nambala ya pakona pa sikirini ikamati 200, ikuwerenga ziti? Ndikulipira kuti khadi lijambule kapena kuti lilote?

Luso limeneli lili ndi mkulu wake, dzina lake DLSS, imene imajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mochenjera kuti chidzaze sikirini. Imagwira ntchito bwino ndithu, ndipo AMD ili ndi yake, FSR, imene mitundu yake yoyambirira imayenda ngakhale pa makadi akale. Koma taganizani. Ine ndikachepetsa chithunzi ndi dzanja langa kuti gemu iyende, akuti nthawi yakwana, kagule lina. Khadi latsopano likachepetsa lokha mwakachetechete, akuti ndi zamakono. Inde, lake limaoneka bwino kuposa langa, ndavomera. Koma tonse awiri tavomereza kuti chithunzi chathunthu sitingachithe. Bwanji wonyozedwa ndikhale ine ndekha?

Pali pamodzi pamene ndaona chitseko chitatsekedwadi. Gemu ya Indiana Jones and the Great Circle, ya mu Disembala 2024, ndi ya Doom: The Dark Ages, ya mu Meyi 2025, zimafuna khadi lotha ray tracing, njira yowerengera mmene kuwala kumagundira zinthu n'kubwerera. Khadi lopanda zimenezo, ngakhale 1080 Ti yolemekezeka ija, silichedwa ayi, limangobwezedwa pakhomo. Apa ndamva, ndipo sindivuta: ukufuna gemu imeneyo, khadi lako silingathe, gula lina. Koma taonani kuti yankho lake ndi dzina la gemu, si chiwerengero cha zaka. Taonaninso kuti ray tracing inayamba kugulitsidwa mu 2018, ndipo anthu ankalimbikitsidwa kuti gulani tsopano, mukonzekere tsogolo. Tsogololo linafika patapita zaka 6. Litafika, khadi lolembedwa pansi penipeni pa mndandanda wa zofunika, longokwanira kulowera pakhomo, linali RTX 2060 Super, la m'badwo womwe uja wokonzekera tsogolo. Pakati pa amene anagulira tsogolo kalelo ndi amene anasunga ndalama zake n'kugula tsogolo litafika, wochenjera ndi uti? Kodi tsogolo limagulidwa lisanabwere?

Nthawi zina ndimadabwa ngati opanga makadiwo akutikumbukirabe n'komwe. M'chaka chake cha malonda chimene chinatha mu Januwale 2025, Nvidia inapeza madola mabiliyoni 115 pa zipangizo za m'zinyumba zikuluzikulu za makompyuta, zambiri za AI. Pa magemu inapeza mabiliyoni 11. Kusiyana kwake ndi kakhumi. Ma chip a mbali zonse ziwiri amapangidwa ndi kampani imodzi, TSMC ya ku Taiwan, ndipo malo m'mafakitale ake ndi owerengeka. Munthu ali ndi makasitomala awiri, wina wobweretsa kakhumi kuposa mnzake. Katundu wabwino amasungira uti? Memory imene ikusowa pa 5060 ija ikupita kwa ndani? Ndipo ife a mabiliyoni 11 tikamakangana kuti zaka ziwiri kapena zinayi, alipo akumvetsera?

Khadi limafunanso madiraiva, timapulogalamu timene kampani imatulutsa kuti khadi ndi magemu atsopano zizimvana. Mu 2025 Nvidia inalengeza kuti makadi a m'gulu la 10 ndi la 900 alandira madiraiva a magemu omaliza mu Okutobala chaka chomwecho, kenako azingolandira zotseka mipata ya chitetezo mpaka 2028. Zaka 9 n'zambiri ndithu, pamenepo sindikudandaula. Ndiye tinene kuti kalata yopumitsa GTX 1060 pa ntchito inalembedwa, chidindo n'kumenyedwa. Koma mwezi umenewo utatha, m'nyumba zambirimbiri kuyambira ku Manila mpaka ku São Paulo, anthu anadina batani, mafani anazungulira, Dota 2 inayaka, ndipo anasewera mpaka tambala woyamba. Mawa lake chimodzimodzi. Chikalata chinatuluka, atolankhani analemba, akatswiri anagwirizana. Nanga khadilo, alipo anakaliuza?